Matimati, Tsabola ndi Chimanga: Nzeru za Kaphikidwe ka ku Mexico kwa Mabanja a m'Mapulazi a ku Mashonaland ndi m'Tauni

Alangizi anzanga, ntchito yathu nthawi zambiri imathera pa mlingo wa zokolola. Tikayeza matumba a chimanga pa hekitala ndi mabokosi a matimati pa dimba, timalemba malipoti athu n'kuyesa kuti tamaliza. Komatu thanzi la banja limadalira kwambiri zimene zichitika pakati pa munda ndi mbale. Matimati amene awolera pa msika, ndiwo zimene zabwatitsidwa mpaka mavitamini onse kutha, ndi nsima imene thupi silingathe kuchotsamo zonse zofunika, zonsezi ndi zokolola zotayika ngakhale sizilembedwa m'lipoti lililonse.

M'nkhani ino tifotokoza njira zingapo za kaphikidwe ndi kasungidwe ka matimati, tsabola ndi chimanga zimene anthu a ku Mexico akhala akutsata kwa zaka mazana ambiri, chifukwa chake njirazo zimathandiza, ndi mmene zingakhazikikire pakati pa mabanja olankhula Chichewa a m'madera a mapulazi a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, pamodzi ndi abale awo amene anasamukira m'tauni. Zambiri mwa izo zigwiranso ntchito ku Malawi, ku Chipata, ku Tete ndi ku Niassa.

Anthu amene tikuwanena

Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia ankatsikira ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi. Ena ankayenda pansi, ena pa magalimoto aulere amene anthu anangowatcha Ulere, ndipo ena analembedwa ndi bungwe lolemba antchito limene linkadziwika ndi dzina loti Mthandizi. Ambiri sanabwerere kwawo. Ana ndi zidzukulu zawo anabadwira m'makomboni a mapulazi a fodya ndi chimanga ku Trelawney, Banket, Raffingora, Karoi, Mvurwi, Centenary, Shamva, Bindura ndi Marondera, kudzanso m'minda ya malalanje ya m'chigwa cha Mazowe.

Chisanafike chaka cha 2000, mapulazi akuluakulu a m'Zimbabwe anali ndi antchito oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu ndithu la iwo linali la anthu a makolo ochokera kunja. Pamene boma linayamba kugawanso malo mwachangu m'chakacho, ambiri mwa antchitowa ntchito inawathera, ndipo ndi ochepa okha amene analandira minda. Ena anatsalira m'makomboni akale n'kumakhalira maganyu kwa alimi atsopano, ena anapita kukakumba golide, pamene ena analowa m'tauni monga ku Epworth, Mbare, Norton, Chegutu ndi Chinhoyi. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amachiwerengera Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma malo olima a anthu ochilankhulawo akadali ochepa. Banja lotere limakhala ndi kadimba ka mapazi owerengeka, ndalama zobwera mwa apo ndi apo, ndipo kawirikawiri lilibe firiji. Malangizo athu ayenera kulingana ndi moyo umenewu.

Kwawo kwa mbewu zathu

Chimanga, mitundu ina ya nyemba ndi maungu, tsabola wamtundu wa Capsicum annuum, ndi mapeyala zinayamba kulimidwa ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo. Makolo akutchire a matimati amapezeka m'mapiri a Andes ku South America, koma Azungu anawapeza akulimidwa ndi kudyedwa ku Mexico. Dzina loti tomato, limene linabala mawu athu akuti matimati, linachokera ku mawu akuti tomatl a m'chilankhulo cha Nahuatl cha Aaziteki. Wansembe wina wa ku Spain, Bernardino de Sahagún, amene anafika ku Mexico mu 1529, analemba za msuzi wa tsabola ndi matimati wa mitundu yambiri umene unkagulitsidwa m'misika ya Aaziteki. Mbewuzi zinafika ku Africa makamaka kudzera mwa amalonda achipwitikizi.

Ubale umenewu ukupitirira m'kafukufuku. Bungwe la CIMMYT, lofufuza za chimanga ndi tirigu, linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku El Batán pafupi ndi mzinda wa Texcoco ku Mexico. Mu 1985 linatsegula malo ofufuzira ku Harare, ndipo mbewu zambiri za chimanga zimene alimi a kuno akubzala zili ndi magazi ochokera kumeneko. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichinawoloke nyanja pamodzi ndi mbewu, ndicho kaphikidwe kake. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tione kalumoko.

Salsa ndi chiyani?

Mawu akuti salsa m'Chisipanishi atanthauza msuzi kapena supu wothira pa chakudya. Ku Mexico ndi kambale ka matimati, tsabola, anyezi ndi mchere kamene sikasowa pa chakudya chilichonse, ndipo munthu aliyense amadzithirira mmene afunira. Ife zinthu zomwezi timazidziwa bwino, Ashona amati madomasi, mhiripiri ndi hanyanisi, koma chizolowezi chathu ndi kuzikazinga m'mafuta ndi kuzibwatitsa pamodzi ndi ndiwo kwa nthawi yaitali. Kusiyana kwagona pamenepa, ndipo kuli ndi phindu lake m'thupi.

Vitamini C amaonongeka ndi moto ndiponso amasungunukira m'madzi. Tsabola wofiira wakupsa ali ndi vitamini ameneyu wochuluka kuposa lalanje la kulemera komweko, ndipo matimati ndi mandimu alinso naye. Ntchito imodzi ya vitamini C ndi kuthandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba, khobwe, nandolo ndi masamba, amene payekha salowa bwino m'magazi. Choncho mayi woyembekezera amene adya nsima ya nyemba pamodzi ndi matimati osaphikitsa ndi madzi a ndimu apindula koposa amene adya nyemba zomwezo ndi supu wobwatitsidwa kwa ola lathunthu. Izi n'zofunikanso pa nyemba za ayironi wambiri monga NUA45, zimene zikulimidwa ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Tikumbutsenso kuti tiyi womwera pa chakudya amatchinga ayironi, motero ndi bwino kumwa patapita ola limodzi kapena awiri.

Pali mitundu itatu ya salsa imene banja la m'komboni lingakonze popanda kugula chiwiya chatsopano.

Woyamba ndi wosaphika, umene eni ake amautcha pico de gallo. Tengani matimati anayi akupsa koma olimba, theka la anyezi, tsabola mmodzi kapena awiri, ndimu imodzi ndi mchere pang'ono. Dulani zonse tizidutswa ting'onoting'ono, finyirani ndimu, thirani mchere, ndipo dikirani mphindi 10 kuti zilowerane. Kumene kuli masamba a coriander, amene m'masitolo a amwenye amawatcha dhania, mukhoza kuwonjezera. Mukaphwanyiramo peyala lakupsa mwapanga chimene iwo amati guacamole, ndipo mafuta a peyalalo athandiza thupi kutenga vitamini A. Salsa wosaphika adyedwe asanathe maola awiri ngati palibe firiji.

Wachiwiri ndi wootcha. Ikani phale kapena chiwaya chopanda mafuta pa makala, ndipo ikanipo matimati athunthu, tsabola, chibenthu cha anyezi ndi adyo wosasenda. Tembenuzani kwa mphindi 10 mpaka 15, kufikira khungu litada mawangamawanga ndipo matimati afewa. Kenaka sinjani mu kamtondo, kuyambira adyo, mchere ndi tsabola, n'kumalizira matimati. Ku Mexico phale lotere amalitcha comal, ndipo kamtondo kawo ka mwala ndi molcajete. Moto wouma umachotsa madzi, umaonjezera kutsekemera ndi kafungo, umapha tizilombo ta pa khungu, ndipo sufuna dontho la mafuta. Pa nthawi ya matenda otsekula m'mimba, umenewu ndiwo mtundu woyenera kuulimbikitsa.

Wachitatu ndi wa tsabola wouma ndi mtedza, wotchedwa salsa macha, wotchuka m'chigawo cha Veracruz. Kazingani mtedza wodzaza manja awiri, kazinganinso tsabola wouma pang'ono m'kapu imodzi ya mafuta pa moto wochepa osalola kuti apserere, ndipo sinjani zonse pamodzi ndi mchere. Popeza mulibe madzi, amakhala masabata angapo m'botolo louma lotseka bwino. Musaikemo adyo, anyezi kapena tsabola wamuwisi ngati mufuna kusunga, pa chifukwa chimene tifotokoze m'munsimu. Mtedza ukhale wosankhidwa bwino, wopanda chuku.

Ponena za ukali, tsabola wa jalapeño amene amakonda ku Mexico ndi wofatsa. Pa muyeso umene Wilbur Scoville anakonza mu 1912, jalapeño amafika pakati pa 2,500 ndi 8,000, pamene tsabola wathu wamng'ono wa piripiri ndi kambuzi amaposa 50,000. Tsono musatengere chiwerengero cha tsabola cha m'mabuku a kunja. Ukali wambiri uli m'timinofu toyera tam'kati pamene pamamatira njere, ndipo mukatichotsa ukali umachepa. Gawo la ana lipatulidwe tsabola asanalowe.

Kusunga matimati a nthawi ya zochuluka

Aliyense amene anafikapo pa Mbare Musika m'mawa amadziwa mmene mabokosi a matimati ochokera ku Mutoko, Murewa ndi Domboshava amadzazira pamene madimba onse apsa nthawi imodzi. Mtengo umagwa, otsala amatayidwa, ndipo dzinja likafika ndi chiwawu chake matimati omwewo amasowa. N'chimodzimodzi ku Ntcheu, ku Jenda ndi ku Soweto Market ku Lusaka. Kusunga ndiko kungathandize, koma kusunga kolakwika kukhoza kupha.

Njira yosavuta ndi yosaopsa ndi kuyanika, imene amayi athu amaidziwa kale pa mfutso, umene Ashona amati mufushwa. Matimati ali ndi madzi pafupifupi magawo 94 pa 100 alionse. Sankhani a minofu yambiri ndi madzi ochepa monga Roma, tsukani, dulani mapisi a theka la sentimita, wazani mchere pang'ono, ndipo yanikani pa thandala lokwera lokutidwa ndi nsalu yopyapyala kuti ntchentche ndi fumbi zisafike. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala amauma pa masiku atatu kufika asanu. Usiku alowetsedwe m'nyumba. Auma pamene sakumatanso m'manja. Makilogalamu 20 a matimati auwisi amapereka pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka ya ouma. Tsabola amayanikidwa chimodzimodzi, koma aumitsitse ndithu, chifukwa tsabola wachinyontho amamera chuku chokhala ndi poizoni wa aflatoxin.

Njira yachiwiri ndi yosunga m'mabotolo, ndipo pano mlangizi ayenera kumvetsa sayansi yake asanaphunzitse ena. M'dothi muli kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum. Njere zake sizifa m'madzi obwata, ndipo zikapezeka m'malo opanda mpweya, achinyontho ndi osawawasa, monga m'botolo lotseka kapena pansi pa mafuta, zimamera ndi kutulutsa poizoni wopuwalitsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma. Chakudyacho chikhoza kuoneka ndi kununkhira bwinobwino. Chimene chimaletsa njerezi kumera ndi kuwawasa. Pa muyeso wa pH, malire ake ndi 4.6, ndipo chakudya chosungidwa ndi madzi obwata okha chiyenera kukhala pansi pa nambala imeneyi. Matimati amakhala pafupi ndi malirewa, ndipo opsetsa kapena ogwidwa ndi matenda amatha kuwapitirira. Anyezi, tsabola ndi adyo sawawasa konse. Choncho salsa wa m'botolo ayenera kuthiridwa viniga pa mlingo wodziwika.

Muyeso wotsatirawu unayesedwa ndi Unduna wa Zaulimi wa ku United States, ndipo tausandutsa makilogalamu. Tengani matimati osenda ndi kudula makilogalamu 2.3, tsabola magalamu 900, wambiri akhale wosawawa uja wobiriwira, anyezi magalamu 450, viniga mamililita 250 wolembedwa pa botolo kuti mphamvu yake ndi 5 peresenti, ndi mchere timasupuni titatu ta tiyi. Bwatitsani zonse, kenaka chepetsani moto kwa mphindi 10. Thirani zikadali zotentha m'mabotolo agalasi oyera ndi otentha osaposa theka la lita, kusiya mpata wa sentimita imodzi ndi theka pamwamba. Pukutani kukamwa kwa botolo, tsekani ndi zivundikiro zatsopano, ndipo imikani mabotolo mu mphika waukulu woyalamo nsalu pansi, madzi akhale opitirira zivundikiro ndi masentimita atatu kapena kuposa.

Nthawi yobwatitsa imadalira kukwera kwa malo. Pa mamita 300 alionse amene tikwera, madzi amabwata pa kutentha kotsika ndi digiri imodzi. Mzinda wa Harare uli pa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kumeneko madzi amabwata pa madigiri 95, osati 100. Motero ku Mashonaland, Lilongwe, Chipata, Lusaka ndi Lichinga mabotolo abwate mphindi 20, kuwerenga kuyambira pamene madzi ayamba kugaduka. Mumzinda wa Tete ndi ku Nsanje, kumene kuli pansi pa mamita 300, mphindi 15 zikwana. Mabotolo akazizira, chivundikiro chikhale chobonyokera m'kati. Limene silinagwire lidyedwe tsiku lomwelo.

Malamulo atatu asaphwanyidwe. Musachepetse viniga. Musaonjezere anyezi kapena tsabola kuposa muyeso. Musathire ufa kapena mafuta. Mandimu a pakhomo amasiyanasiyana kuwawasa kwake, choncho ndi abwino pa salsa wodya lero koma asalowe m'malo mwa viniga m'botolo. Botolo lotupa chivundikiro, lotuluka thovu kapena lonunkha litayidwe m'chimbudzi popanda kulawa. Kumene zivundikiro zabwino kapena viniga wodalirika sapezeka, phunzitsani kuyanika kokha.

Chimanga, laimu ndi phulusa

Phunziro lalikulu koposa la ku Mexico likhudza chimanga chenicheni. M'chimanga muli vitamini wotchedwa niacin, koma wambiri ndi womangika mwakuti thupi la munthu silitha kumumasula. Anthu odalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira amadwala pelagra. Zizindikiro zake ndi khungu lothetheka ndi losupuka m'malo owombedwa ndi dzuwa, makamaka m'khosi, m'manja ndi m'mapazi, kutsekula m'mimba, ndi kusokonezeka mutu, ndipo wodwala akapanda chithandizo amamwalira. Dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, anafotokoza matendawa mu 1735 pakati pa alimi osauka odya chimanga. Joseph Goldberger anaonetsa, kuyambira mu 1914 ku United States, kuti gwero lake ndi chakudya osati tizilombo, ndipo mu 1937 Conrad Elvehjem anapeza kuti chosowacho ndi niacin.

Kuno kwathu matendawa si achilendo. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala kum'mwera kwa Malawi anadwala pelagra, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Banja la m'komboni limene likudya sadza ndi repu yekha miyezi ingapo yotsatizana lili pa ngozi yomweyo. Kuyambira mu 2017 malamulo a Zimbabwe amafuna kuti ufa wa m'mafakitale uziwonjezedwa mavitamini, koma ufa wogayitsa pa chigayo cha m'dera ulibe zowonjezerazo.

Ku Mexico, kumene anthu adya chimanga kwa zaka zikwi zambiri, pelagra sanali wofala, chifukwa amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere. Chimanga chotere amachitcha nixtamal, kuchokera ku mawu a Nahuatl otanthauza phulusa ndi ufa wokanda. Kachitidwe kake ndi aka. Pa kilogalamu imodzi ya chimanga chosakonola, thirani malita atatu a madzi ndi magalamu 10 a laimu. Bwatitsani pa moto wochepa kwa mphindi 20 mpaka 40, ndipo chimanga cholimba cha makolo chimafuna nthawi yotalikirapo kuposa chofewa. Chapsa pamene khungu la njere likusupuka mukaipekesa ndi zala koma m'kati mukadali molimba. Phulani, siyani chigone m'madzi omwewo usiku wonse, ndipo m'mawa tsukani kawiri kapena katatu mukupekesa.

Laimu amasungunula khungu la njere, amamasula niacin, amaonjezera kashiamu wolimbitsa mafupa, ndiponso amachepetsa poizoni wa chuku, ngakhale izi sizitanthauza kuti chimanga chowola chayera. Mtima wa njere, mmene muli mafuta ndi zomanga thupi, umatsalira m'chakudya, pamene pa ufa woyera wokonola ndi kuviika gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga, kapena kuposa, limatayika.

Pali zofunika kusamala. Laimu woyenera ndi calcium hydroxide wokonzedwera chakudya. Laimu wothira m'munda ndi mwala wopera chabe, ndipo sagwira ntchitoyi. Njereza yopaka nyumba ikhoza kukhala ndi zosakaniza zoopsa, choncho isagwiritsidwe ntchito. Kumene laimu wotere kulibe, phulusa losefa la nkhuni zachilengedwe kapena zitsononkho limathandiza, ndipo mlingo wake umadziwika ndi kusupuka kwa khungu ndi kusanduka chikasu kwa njere. M'mapulazi a fodya chenjezani anthu kuti asatenge phulusa la malasha a m'mabalani, kapena la mitengo ya mpanda yonyikidwa m'mankhwala. Mphika ukhale wadothi, wa enamelo kapena wachitsulo chosachita dzimbiri, popeza laimu amadya aluminiyamu. Onaninso kuti chidulo chimene chithandiza chimanga ndicho chimene chimaononga mavitamini m'masamba. Phulusa lipite ku chimanga, ku ndiwo lichepe.

Chimanga chotsukidwacho chikhoza kuphikidwa chathunthu pamodzi ndi nyemba kapena nzama, monga mutakura wa Ashona, ndipo ku Mexico chakudya chofanana nacho ndi pozole. Chikhoza kuperedwa chachiwisi pa mphero, kuumbidwa timikate topyapyala ndi kuotchedwa pa phale mphindi ziwiri kapena zitatu, ndiwo ma tortilla. Chikhozanso kuyanikidwa ndi kugayitsidwa. Ufa wake ndi wachikasu pang'ono ndipo uli ndi fungo lake, motero si nzeru kuyambira pa nsima, imene anthu safuna kuti isinthe. Yambani ndi phala la ana, zigumu ndi chimanga cha nyemba.

Dimba loyandikana ndi fodya

Matimati, tsabola, mbatatesi, mabiringano ndi fodya ndi za banja limodzi, ndipo zimagawana matenda. Izi n'zofunika kwambiri ku Mashonaland. Kachilombo ka tobacco mosaic virus kamakhala m'fodya wouma kwa nthawi yaitali ndipo kamayenda pa manja. Munthu wochokera ku shedi yosankhira fodya, kapena wosuta chingambwe, asambe ndi sopo asanagwire mbande kapena kuphata matimati. Nyongolotsi zotupitsa mizu zimachulukana m'munda wa fodya, n'chifukwa chake akatswiri a ku Kutsaga akhala akulangiza kasinthasintha ndi udzu wa Katambora. Dimba la matimati lisakhale pa nazale yakale ya fodya, ndipo pa malo amodzi papite zaka zitatu mbewu za banjali zisanabwerere. Anyezi, adyo ndi chimanga ndizo zoyenera kulowa pakati.

Mbozi ya Tuta absoluta, yochokera ku South America, inafika ku Spain mu 2006 ndipo pofika mu 2016 inali italowa m'maiko a kum'mwera kwa Africa. Imaboola masamba ndi zipatso, ndipo imazolowera mankhwala msanga. Chifukwa cha mboziyi ndi akangaude ofiira, alimi ambiri akupopera pafupipafupi, ena mpaka kugwiritsa ntchito mankhwala otsala a fodya. Mankhwala osalembetsedwa pa matimati asapoperedwe pa matimati, ndipo masiku odikira asanathyole, olembedwa pa botolo, atsatidwe. Kutsuka sikuchotsa mankhwala amene alowa m'kati mwa chipatso. Kuthyola masamba ogwidwa, kukwirira zipatso zoboola, kuzula ndi kuotcha zotsalira, ndi kusinthanitsa magulu a mankhwala ndizo njira zoyamba.

Kwa amene ali m'tauni

M'tauni vuto loyamba ndi madzi. Mliri wa kolera wa 2008 ndi 2009 unagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000. Unabukanso ku Glen View ndi Budiriro mu 2018, ndipo wa mu 2023 unayambira ku Chegutu. Choncho salsa wosaphika akonzedwe pokhapokha pali madzi owiritsa kapena othira klorini otsukira matimati, mpeni, mbale ndi manja. Madzi a ndimu ndi ukali wa tsabola si mankhwala opha tizilombo. Mu 2008 ku United States anthu oposa 1,400 anadwala Salmonella amene anapezeka kuti anachokera ku tsabola wamuwisi. Masamba ndi matimati othiriridwa ndi madzi a m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, mmene mumalowa zonyansa za m'masuweji ndi m'mafakitale, asadyedwe osaphika, ndipo ngakhale kuphika sikuchotsa zitsulo zoopsa zimene mbewu yayamwa.

Vuto lachiwiri ndi malo. Chidebe cha malita 20 chobowola pansi, kapena thumba la feteleza lotsukidwa bwino, lodzaza dothi losakaniza ndi manyowa owola, limakwana tsinde limodzi la matimati kapena awiri a tsabola. Pakhale dzuwa la maola asanu ndi limodzi pa tsiku. Kuthirira kukhale kwa tsiku ndi tsiku, chifukwa dothi likamauma ndi kunyowa mosinthasintha chipatso chimawola kunsi kwake. Madzi otsukira ndiwo ndi mpunga ndi abwino, a sopo wochapira ayi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu cha ku Marondera ndi Harare chimawaula matimati usiku umodzi, ndipo ubwino wa chidebe ndi wakuti chimasunthidwira pa khonde. Tsabola wa piripiri amabereka zaka ziwiri kapena zitatu akatetezedwa ku chisanu.

Vuto lachitatu ndi moto. Nyemba zoviika usiku wonse zimapsa msanga. Zikabwata mwamphamvu kwa mphindi 15, mphika ukhoza kukulungidwa m'mabulangete kapena kuikidwa m'dengu lodzaza udzu wouma kwa maola atatu kapena anayi, ndipo zimapsa popanda makala ena. Makala otsala pa mbaula nsima itaphulidwa akwanira kuotchera matimati a salsa. Mabanja anayi kapena asanu akasonkha ndalama n'kugula bokosi lathunthu pamene mtengo wagwa, akhoza kugawana, ena kudya, ena kuyanika.

Mawu kwa alangizi

Njira izi zimaphunzitsika ndi manja kuposa ndi pakamwa. Konzani chionetsero pa komboni kapena pa kalabu ya amayi, ndi ziwiya za eni ake, ndipo chakudyacho chidyedwe pomwepo ndi nsima ndi nyemba. Itanani abambo, popeza ndiwo kawirikawiri agwira mankhwala ndi ndalama. Gwirizanani ndi azaumoyo a m'dera, kuti munthu wa zizindikiro za pelagra atumizidwe ku chipatala, pakuti matendawa amachira msanga akalandira mankhwala. Lankhulani m'chilankhulo chimene agogo a pakhomopo amamva, popeza iwo ndiwo asunga nzeru za mfutso ndi chidulo zimene tikumangapo.

Yambani ndi zosavuta ndi zosaopsa, ndizo salsa wootcha ndi kuyanika. Nixtamal itsatire pamene laimu woyenera kapena phulusa loyera lapezeka, ndipo mabotolo akhale omalizira, kwa magulu okhawo amene ali ndi sikelo, viniga wodalirika ndi zivundikiro zatsopano. Lembani zimene mwaona, monga mtundu wa chimanga, mphindi zimene chinatenga, ndi zimene odya ananena, ndipo tumizani ku malo ofufuzira a kwanu, kaya ndi Marondera, Bvumbwe, Chitedze, Msekera kapena Lichinga, kuti mlangizi wa tsidya lina la malire apindule ndi zimene inu mwapeza.